Kalata Imene Ndakana Kukutayipira

Karonga
Lamulungu masana

Tumpale mwana wanga,

Wapita kukabweza mapoto ndi mphasa zimene tinabwereka pa maliro a amayi ako, ndipo ndikudziwa kuti kwa a Nyirenda sakakulola kubwerako msanga. Ndiye ndatulutsira tebulo pakhonde kuti ndikulembere. M'nyumbamo sindikukhalamo masana. Nyumba yomwe ija tinkadandaula kuti ndi yothina, masabata atatu okhawa yakula moti ndikatsokomola ndimadzimva kawiri.

Ukudabwa kuti bambo wako akukulembera kalata pamene tikugona denga limodzi. Ndi chifukwa chakuti pakamwa ndimathawa. Iwe ukudziwa, amayi ako ankadziwa koposa. Papepala pokha ndi pamene ndimaima malo amodzi.

Lachisanu, tikusankha mpunga, unati: "Ababa, munditayipire kalata yachingerezi yopita kwa mkulu wa sukulu ya unamwino. Inu mumadziwa kalembedwe kake. Muwauze kuti malo anga andisungire kaye, ndidzapita zinthu zikakhala bwino kuno." Ine ndinayankha kuti ndiliganizira. Unandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka unati, "Chabwino," n'kupitiriza kusankha mpunga. Unayang'ana ndendende monga ankayang'anira amayi ako ndikawayankha choncho.

Dzulo m'mawa ku ofesi ndinaikadi pepala m'makina. Zala zinayenda zokha. Inatuluka kalata yokongola, mwana wanga, yaulemu, yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Inkapempha kuti nkhani yako ikhale pending, ndipo inkalonjeza kuti zokonzekera ulendo wako zili in progress. Nditaiwerenga ndinaing'amba pakati, n'kuing'ambanso. Sindikulembera kalata imeneyo. Basi ya mawa ukwere. Zotsalazi ndikulemba kuti udziwe chifukwa chake, ndiponso kuti ukapite ndi kanthu kochokera kwa ine koposa kamba wa panjira.

Nditangofika kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndili mnyamata wa taye imodzi, anandiika pansi pa kalaliki wamkulu, a Chimbalanga. Munthu wabwino, wokonda tiyi wa shuga wambiri. Ntchito yanga yoyamba inali lipoti la mwezi ndi mwezi la zitukuko za m'midzi. Panali chitsime china cha kumudzi wina kufupi ndi Uraha. Mwezi woyamba ndinalemba kuti ntchito sinayambe. A Chimbalanga anavula magalasi, nati: "Iwe Mngoni, ukufuna atidye amoyo kulikulu? Palibe ntchito ya boma imene sinayambe. Lemba kuti in hand." Ndinafunsa kuti ili m'manja mwa yani. Anaseka mpaka kutsamwa. "M'manja mwa Mulungu, mphwanga. Mwezi wamawa udzalembe under way. Winawo in progress. Ukafika wachinayi, nearing completion. Mawu aziyenda, ngakhale khasu litaima." Ndinawakonda mawu amenewo. Ndinagula kope n'kumawasonkhanitsa ngati mwana wotola mikanda: ongoing, under review, receiving attention. Madzulo ndinkawafufuza mu dikishonale yanga yothothoka chikuto ija, n'kumasiyanitsa kakomedwe kake. Lina limamveka ngati anthu ali thukuta kamukamu. Lina ngati akuluakulu akhala pansi akusinkhasinkha. Lina ngati kwangotsala kupaka laimu.

Patatha chaka ndi miyezi, bwana anandituma kuti ndikachione chitsimecho, popeza kunkabwera alendo. Ndinapalasa njinga ndi lipoti langa m'thumba. Ndinapeza dzenje lofika m'chiuno, ndipo m'dzenjemo munali nthochi yaitali kundiposa, itaweramira pansi ndi mkoko. Wina anaona kuti dzenje labwino chotero lisangokhala. Amayi amene ankachokera kumtsinje ndi ndowa pamutu anaima n'kumandiyang'ana. Mmodzi wa iwo, wachikulire, anati m'Chichewa chake chophotchoka: "Akalaliki, mwabwera kuzaona chisime chinu? Chababa, chabereka ndithu. Dulani mkoko mukapase abwana." Onse anaseka, madzi n'kumatayikira m'mapewa. Mtsinje umene ankachokerawo unali ulendo wa ola lathunthu. Ine ndinali nditawapatsa madzi papepala kakhumi ndi kanayi.

Ndiye langizo langa loyamba ndi ili. Wina akakuuza kuti chinthu chili mkati, kaya m'Chingerezi kaya m'chinenero chilichonse, ufunse mafunso atatu, mwaulemu koma osachita manyazi. Waigwira ndani? Dzulo anachitapo chiyani? Abwererapo liti? Ngati palibe dzina, palibe dzulo, palibe tsiku, ndiye kuti chinthucho chaima, angochiveka malaya. Ndipo mafunsowa uzidzifunsa wekha kawirikawiri kuposa mmene ungafunsire ena.

Cholakwa chachiwiri n'cholemera, ndipo sindinakuuzepo. Mu ofesi mwathu muli kabati yachitsulo chakumaso, yamatabwa kumbuyo, mmene timaika mafayilo odikira. Chaka china kunabwera kalata ya mtsikana wa ku Sangilo, mwana wa msodzi. Anali atasankhidwa kukaphunzira uphunzitsi, koma bambo ake anadwala, ndiye ankapempha kuti amusungire malo mpaka chaka chinacho. Kalatayo inayenera kudzera kwa ife kuti bwana asaine, ipite. Bwana anali ku ulendo. Ndinalemba pakona ndi pensulo yofiira kuti pending, n'kuiika m'kabati. Sindinamuchitire nkhanza mtsikanayo, Tumpale. Ndinamulandira bwino, ndinamupatsa mpando. Anabwera kawiri kudzafunsa, ndipo kawiri konse ndinamuuza kuti akuluakulu akuiona. Ankapita akuthokoza. Tsiku lina mesenjala wathu, a Mwafongo, nkhalamba imene inamenya nawo nkhondo ya azungu, anasuntha kabatiyo kuti asese. Kumbuyo konse kunali dothi. Chiswe chinali chitalowa m'matabwa n'kudya mafayilo a pansi onse. A Mwafongo anaimirira njo ngati pa perete, nati: "Bwana kalaliki, lipoti. Mu ofesi muno amene akugwira ntchito pa mafayilo awa ndi chiswe chokha."

Mtsikana uja ndimamuona mpaka lero. Amagulitsa usipa pamsika, ali ndi ana anayi. Amandipatsa moni mwaulemu, amandiikira ndi basera. Tsiku lina anandifunsa akumwetulira, wopanda mkwiyo m'pang'ono pomwe: "Akalaliki, ija ikuyendabe?" Ndinalephera kudya usipawo.

Kumene ukufuna kuti nditumize kalata yakoyo kulinso kabati yotero. Sindikuwanena anthu akumeneko, sindikuwadziwa. Koma ofesi iliyonse ili nayo, ndipo pa malo ako pali atsikana ena amene akudikira ndi masutikesi omangamanga. Wati udzapita zinthu zikakhala bwino. Waigwira ndani ntchito yokhalitsa zinthu bwinoyo? Itha liti? Amayi ako sabwerako, mwana wanga. Chaka chamawa nyumba ino idzakhala chete monga lero, kungoti iwe udzakhala utazolowera kundiphikira, ine nditazolowera kuphikiridwa, ndipo tonse tidzaleka kuitchula sukuluyo kuopa kukhumudwitsana.

Usandimve molakwa. Mawu amenewa si oipa mwa iwo okha. Ndawerenga mabuku ambiri, ena obwereka kumishoni, ena ogula kwa azungu opita kwawo, ndipo ndaona kuti zinthu zambiri zofunika pa moyo zimakhaladi pakati, zosayamba lero, zosatha mawa. Mpunga uli m'munda. Mwana ali m'mimba. Bala likupola. Kuntchito imene ukupitayo udzafunika mawu otere tsiku lililonse, chifukwa wodwala sakhala wochira kapena wakufa kokha, nthawi zambiri amakhala panjira. Abale ake adzakugwira mkono pakhomo la wodi n'kukufunsa kuti zikuyenda bwanji. Pamenepo udzakumbukire bambo wako ndi nthochi yake. Usadzawauze kuti madokotala akuziona ngati palibe amene waona. Udzanene chimene chachitika: wamwa phala masipuni atatu, kutentha kwatsika pang'ono, adokotala abwera mawa m'mawa. Ngati sukudziwa, udzati sindikudziwa, ndikukafunsa, ndipo udzapitedi kukafunsa. Munthu wosauka amapirira yankho lowawa. Chimene chimamutha ndi kubwera mawa ndi mawa.

Amene anandionetsa ntchito yoyendadi ndi amayi ako, ngakhale sanadziwe liwu ndi limodzi lomwe la m'kope langa lija. Kalata yako yokusankha itangofika, anamva kuti kumwerako kumazizira, ndiye anayamba kukulukira juzi. Ukukumbukira mmene anthu ankawasekera? Kuluka juzi ku Karonga, thukuta lili chuchuchu, ulusi ukumata m'zala. Mai Nyirenda ankafuula ali kuseri kwa mpanda: "Anzathu, mwamva kuti kugwa matalala?" Amayi ako ankangoti, "Sekani, wanga sakanjenjemera pakati pa eni ake." Tsiku lililonse ndikaweruka ankanditambasulira pa bondo n'kundionetsa ndi chala pamene anayambira m'mawa ndi pamene afika. Mizere isanu ndi umodzi. Mizere inayi, chifukwa kunali kuchapa. Sanandiuzepo kuti juzi ikuyenda. Ankangondionetsa. Yatsala mkono umodzi, ndipo singano zili momwemo pamene anasiyira Lachiwiri lija mutu unayamba kuwapweteka.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Pamene ndinkafunsira amayi ako ku Iponga, agogo ako aamuna anandifunsa kudzera mwa womasulira kuti mlendo ameneyu adzayankhula bwanji ndi apongozi ake. Ndinayankha molimba mtima kuti Chinkhonde ndikuphunzira. Sindinaname tsiku limenelo. Ndinali nditagula kope lina, lachikuto chobiriwira. Tsamba loyamba ndinalemba moni: Ugonile. Kuthokoza: Ndaga. Madzi: amisi. Mulungu: Kyala. Ndinafika masamba atatu. Kenaka kunabwera mayeso a ukalaliki, kenaka unabadwa iwe, kenaka china, kenaka china. Ndipo kunena zoona panalibe chondikakamiza. Ku ofesi Chichewa ndi Chingerezi. Pa wailesi Chichewa ndi Chingerezi. Kusukulu kwako chimodzimodzi. Dziko lonse linali litapendekera kumbali yanga, ndipo ine ndinangokhala pamene linandiika. Amayi ako ndi amene anawoloka kubwera kwa ine. Anaphunzira chinenero changa mpaka kumandikonza miyambi ya kwathu komwe, ndipo ine ndinkawaseka akasokoneza mawu, osaganiza kuti iwo akuyenda ulendo umene ine ndinalonjeza.

Ankandikumbutsa, koma mosakalipa. Chaka chilichonse tikamapita ku Iponga kokolola mpunga ankati: "Bambo a Tumpale, kope lija lili pati?" Ine ndinkati, "Lilipo, tikupita nalo patsogolo." Iwo ankati: "Ee, likuyenda ngati chitsime chija." Nkhani ya nthochi ndinawauza ndekha, ndipo sanaiiwale. Tikafika kumudzi ndinkakhala pampando pansi pa mtengo wa mango ndi buku langa, anthu akuseka m'khitchini, mawu a amayi ako akumveka pamwamba pa onse. Kumeneko ankaseka mosiyana, Tumpale, kuseka kochokera pansi pamimba. Ndinkamva kusekako koma chosekacho sindinachimvepo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndikudziwa mawu achingerezi oposa khumi onena kuti ntchito ili mkati, ndipo onsewo ndinawagwiritsa ntchito pa masamba atatu aja.

Za kuchipatala sunazimve zonse. Unapita ku Iponga kukatenga amayi ako aang'ono, a Anganile, ndipo mvula inadzaza mtsinje moti munakhala tsidya lija masiku awiri. Unandifunsa pobwera ngati ananenapo kanthu, ine ndinati ankangogona. Ndinakunamiza, undikhululukire. Tsiku loyamba lomwelo, kutentha kutakwera, Chichewa chinawachoka. Chinangochoka chonse ngati chovala chobwereka. Anayamba kuyankhula Chinkhonde, ndipo sikunali kubwebweta. Ankandiyang'ana m'maso, atandigwira dzanja, akuyankhula pang'onopang'ono monga munthu amene akulongosola zinthu zofunika, n'kumaima kudikira yankho. Ndinamva dzina lako kangapo. Ndinamva amisi, ndinawapatsa madzi, anakankha kapu n'kupitiriza. Ndinamva Kyala. Pena anaseka pang'ono n'kundigwedeza dzanja kuti nanenso ndiseke. Zina zonse zinandidutsa.

Pa bedi loyandikana panali mayi wina amene ankadwazika mwana wake. Anandiyang'ana, nati: "Bambo, akukuyankhulanitu. Muwayankhe." Ndikanangomuuza kuti amayi, sindikumva, ndimasulireni. Mawu atatu okha. Koma ndinachita manyazi, ine kalaliki wa taye, womasulira makalata a anthu, kuti ndipemphe mlendo andiuze zimene mkazi wanga akunena. Ndinadziuza kuti Tumpale afika mawa, adzandimasulira bwinobwino, nkhaniyi idikire kaye. Ndinaiika m'kabati, mwana wanga, monga ndinaikira kalata ya mtsikana wa ku Sangilo. Ndinkangoti, "Ndaga, ndaga." Mkazi wanga ankandisiyira mawu ake omaliza, ine n'kumangothokoza ngati wandipatsira mchere. Tsiku lachiwiri anayankhula pang'ono. Madzulo ake analeka. Inu munafika m'mawa mwake.

Maliro atatha ndinabwerera kuchipatala kukamufuna mayi uja. Mwana wake anali atachira, anapita kwawo, ndipo palibe amene anadziwa mudzi wake. Choncho sindidzadziwa. Mwina ankandiuza kumene anaika kanthu. Mwina ankandikhululukira, mwina ankandidzudzula, mwina ankangosimba za ng'ombe za bambo awo ali mwana. Ndimadzuka nazo, ndimapita nazo kuntchito. Imeneyi ndiye nkhani yokhayo pa moyo wanga imene idzakhaladi yosatha, ndipo palibe liwu m'kope langa limene lingaiveke malaya.

Sindikukuuza izi kuti undimvere chisoni n'kukhala. Ndikukuuza kuti uone mmene kudikira kumayambira. Sikubwera ndi nkhope yaulesi. Kumabwera ndi zifukwa zabwino, zaulemu, zachikondi ndithu. Chifukwa chako n'chabwino kuposa zanga zonse: ukuopa kusiya bambo wako yekha. Ndiye ndikuyankhe mosabisa, popeza ndakuuza kuti munthu aziyankhidwa zoona. Inde, ndidzakhala ndekha. Ndikutulutsabe makapu awiri m'mawa. Ndikawerenga chinthu chokoma m'buku ndimatembenuka kuti ndiwauze, n'kupeza mpando. Ukapita, kudzakhala kuwirikiza. Kudzandiwawa ndithu. Koma kuwawa kumeneko ndi kwanga, ndi ntchito yanga, ndipo sungandigwirire. Ukakhala, ndidzakhala ndi chisoni cha amayi ako ndi manyazi a iwe pamwamba pake, ndipo ndikamadutsa pamsika ndizidzaona atsikana awiri m'malo mwa mmodzi.

Za kudya usade nkhawa. Mpunga ndimautha. Mbalaga, nthochi zophika ndi nyama zija, ndinayesa Lachitatu iwe kulibe, nthochi zinasanduka phala ndipo nyama inakana kupsa, koma ndinadya, sindinafe. Mai Nyirenda alengeza kale kuti azidzasuzumira m'mapoto mwanga ngati woyendera zaumoyo, ndipo ukuwadziwa, sadzalephera.

Tsopano undifunse mafunso atatu aja, chifukwa uli nawo ufulu. Kope lobiriwira ndalipeza, linali pansi pa bokosi la mabuku, njenjete zadyako ngodya. Waigwira ndani? Ine, ndi amayi ako aang'ono. Ndinawapempha tsiku lomwe ankabwerera ku Iponga. Anayamba alira, kenaka anaseka, nati m'Chichewa: "Alamu, mwakalamba, lilime lauma. Koma bwerani, tizakamuyikani pamoza na wana." Dzulo ndinachitapo chiyani? Ndinalemba tsamba lachinayi, mayina a zinthu za m'khitchini amene ndinkawamva amayi ako akukutuma, ndipo mwina theka ndalakwitsa. Ndibwererapo liti? Loweruka likubwerali, ndikaweruka masana, ndikwera njinga. Ndikagona komweko, Lamulungu ndikapemphera nawo, ndikakhala pansi m'khitchini osati pansi pa mango. Ndikaonanso manda. Ndikudziwa kuti ndachedwa, ndipo amene ndinkayenera kumumva sadzayankhulanso. Koma anthu amene ankamuseketsa alipo, ndipo ndikufuna ndidzamve chimene chinkasekedwa.

Kwa iwe ndikupempha chinthu chimodzi. Kalata yako yoyamba undilembere m'Chinkhonde. Usandifewetsere, ulembe monga ukanawalembera amayi ako: za ulendo, za kuzizira, za anzako a m'chipinda, za chakudya. Ndidzalimbana nayo ndekha sabata yonse, ndipo pamene pandikanika ndidzapita napo ku Iponga. Yankho langa lidzakhala la mwana wa sitandade wani. Udzaseke, koma udzalikonze ndi pensulo n'kulibweza. Kumbukira kokha kuti kalata imadutsa m'manja ambiri isanafike, ndiye uzilemba za iwe ndi za sukulu, zina tidzakambirana pamaso.

Zina zing'onozing'ono. Khadi la chipani ndaliika m'kathumba kam'kati ka chikwama chako cham'manja, pamodzi ndi kalata yokuitana kusukulu. Usaliike mu sutikesi, chifukwa sutikesi ikwera pamwamba pa basi ndipo panjira amafunsa. Madiresi ako onse ndaona kuti amayi ako anawatsitsa kale mpendero, palibe amene akakuimitse. Pa mapiri paja basi imachedwa ndipo anthu amasanza, ukhale pawindo, usadye zamafuta m'mawa. Kusukuluko akakuseka kayankhulidwe, akakutcha wakumpoto, ena mwachibwana ena mwadala. Usakabise chinenero cha amayi ako kuti ufanane nawo. Tsiku lina m'wodi mudzagona munthu amene Chichewa chamuchoka, ndipo pambali pake padzakhala wina wamanyazi ngati ine. Usadzadikire kuti akupemphe. Udzangokoka mpando n'kuyamba kumasulira.

Ukakhumudwa ndi phunziro lina, usakanene kuti ndikuliwerenga pamene buku latsekedwa. Ukalakwira mnzako, usakati ndidzamupepesa zikazizira. Mnyamata akadzakuuza kuti za kwa makolo zikukonzedwa, udzamufunse kuti akukonza ndani, anafika pati, abwera liti, ndipo akadzayamba kuyankhula ngati lipoti la bambo wako, udzamuperekeze mpaka pa geti mwaulemu. Ine ndemwe ndikadzakulembera kuti zonse zikuyenda bwino kuno, usadzandikhulupirire. Udzandifunse tsamba limene ndafika.

Kope la mawu achingerezi lija ndinkafuna kukupatsa kalekale, ndinkaliyesa chuma. Ndalisiya pa shelefu. Mawuwo ukawapeza wekha, ali paliponse pamene pali tebulo ndi chidindo, ndipo ena ukawagwiritsa ntchito moona. Chimene ndakuikira mu sutikesi, pansi pa bulangeti, ndi juzi. Ndikudziwa unati sungathe kuikhudza. Ndaikulunga mu nsalu yawo yabuluu ija, singano zili momwemo, ulusi wotsala uli m'mkono womalizidwawo. Sindinasunthe kanthu, ukaona pamene anasiyira. Anakuphunzitsa kuluka, ndipo ngakhale manja ako amakoka ulusi molimba kuposa awo, moti mkono wako ukasiyana pang'ono ndi wawo, palibe kanthu. Akuti kumeneko kuzizira kumayamba mwezi wa Meyi. Ukawerenge masabata, ukagawe mizere.

Ndikumva mawu ako kwa a Nyirenda, mukutsanzikana pa mpanda, ndiye ndilekere pano. Kalatayi ndiika pa pilo pako. Ukawerenga usabwere kudzanditsutsa, chifukwa pakamwa ukhoza kundigonja, ndipo ndikhoza kunenanso kuti ndiliganizira. Yankho langa ndi lomwe lili papepalali.

Basi inyamuka sikisi koloko. Sutikesi ndaimanga kale chingwe, ndipo ndidzaikweza pa njinga mpaka ku depoti. Ndidzagogoda pachitseko chako kusanache, ndipo ndidzati, "Ugonile." Ndikudziwa kuti ndidzalitchula mokhota monga kale. Udzaseke mmene ankasekera amayi ako, udzandikonze ngati ufuna. Koma udzadzuke, uvale nsapato.

Ndine bambo wako,
amene wafika tsamba lachinayi.